Maola Atatu Amene Makina Anadikira

Anamupeza ndi azimayi otola nkhuni, Loweruka dzuwa litapendeka, m'kanjira kodutsa m'mabulugamu kutsetserekera ku dambo la Kanyerere. Anagona chafufumimba, nsapato imodzi itavuka, nkhongo itaphwanyika. Mwala umene unagwira ntchitoyo unali pomwepo. Wakuphayo sanavutike n'kuubisa komwe.

Sajeni Vinsenti Kaphaizi anafika pamalopo Lamulungu m'mawa, mtembo utatengedwa kale kupita kuchipatala. Munali mu Juni, chaka cha 1998, mphepo ya m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi ikuluma makutu. Anthu anali atapondaponda paliponse, moti za mapazi anangoziiwala. Chimene chinamukhala pamtima n'chakuti mtsikanayo anapezeka ndi wotchi yake pamkono, kachikwama kali pambali kosatsegulidwa. Wakuba sasiya wotchi.

Malemuyo anali Faines Chunga, wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ankagwira ntchito pa ofesi ya polojekiti yolemba minda imene inamangidwa pamwamba pa phiri loyang'ana dambolo. Ntchito yake inali kutayipa mu kompyuta dzina la mlimi aliyense, mudzi wake, ndi malire a munda wake.

Pasiwa, m'mudzi wa kwa Chimbaka, Sajeni anaitanira pambali mkulu wake wa malemuyo, Tabita. Maso ake anali otupa koma ouma.

"Bwana, ngati mwabwera kudzafunsa za chibwenzi, bwererani. Aliyense wafika pano akufunsa za chibwenzi. Mng'ono wanga analibe mwamuna womuthamangitsa. Anali ndi ntchito basi."

"Ndiuzeni za ntchitoyo, mayi."

Tabita anamuyang'ana kaye, ngati akumuyeza.

"Lachinayi anabwera osafuna kudya. Akuti kuofesi kwafika makina atsopano, ndiye a Moffat, aja amayang'anira makinawo, anasamutsirako zina n'zina zongoyesera. Anamuuza kuti afufuze dzina lililonse aone ngati likutuluka. Inuyo mukanafufuza la ndani? Iye anafufuza la abambo athu, malemu Eliya Chunga. Dzina loti analitayipa yekha chaka chatha, ndi manja ake. Mulibe."

"M'makina akale linalimo?"

"Linalimo. M'atsopanowo ndi momwe munalibe."

"Anawauza a Moffatwo?"

"Lachisanu. Iwo akuti, chonde usauze munthu, mwina ndalakwitsa ndine, ungandichotsetse ntchito. Ubwere Loweruka masana kulibe anthu, tidzaone tonse awiri." Tabita anapitiriza. "Anachoka pano cha m'ma 2 koloko. Ndinamuuza kuti atenge juzi. Anati sachedwa."

*

Mlonda wa paofesiyo, a Benjamini, anali bambo wamtali wouma thupi, amene kale anali wa payoniya. Anaima njo ataona yunifolomu, n'kutulutsa buku la pageti asanafunsidwe.

"Ine, bwana, ulonda ndinauphunzira nthawi ya chipani chimodzi. Osati za lerozi, aliyense ufulu, ufulu. Pageti panga ngakhale nkhuku imalemba dzina."

M'bukumo, tsiku la Loweruka munali mzere umodzi wokha. Moffat Gwaza, kulowa 11:45, kutuluka 17:30.

"Faines sanafike?"

"Akanafika ndikanamulemba."

"Nanga a Moffat, sanatulukeko ngakhale kukagula ndudu?"

"Pageti pano ayi."

Sajeni anakweza maso. "Bwanji mukuti pageti pano?"

"Chifukwa ine ndimalondera geti, bwana."

Anazungulira onse awiri kuseri kwa nyumbayo. Chipinda cha makina chinali ndi kachitseko kena kotulukira ku shedi ya jenereta. Kuseri kwa shediyo waya wa mpanda anali wodulidwa, mpata wokwana munthu wowerama, ndipo kuchokera pamenepo kanjira kankatsika molunjika m'mabulugamu.

"Uwu ndinaunena kalekale," anatero a Benjamini, mawu atatsika. "Kawiri konse. Anati kulibe waya."

"Kuchoka pano kukafika pomwe anapezeka mtsikana uja, ndi mphindi zingati?"

Mkuluyo anayang'ana nsapato zake. "Kwa munthu wa miyendo yabwino, khumi ndi zisanu."

*

Lolemba m'mawa Moffat Gwaza anamulandira Sajeni ndi manja awiri. Anali wa zaka za m'ma makumi atatu, wovala tayi, wolankhula mosalala ngati wowerenga nkhani pawailesi. Anati sanagone chimvereni za Faines. Anati anali ngati mlongo wake.

Chipinda cha makina chinali chozizira kuposa panja. Munali makabati awiri achitsulo, aatali ngati mafiriji, ina yotuwa ndi ukalamba, ina yakuda yonyezimira. Iliyonse inali ndi timadirowa tisanu, kalikonse ndi kanyali kake.

"Awa ndi madisiki, a Sajeni. M'menemu muli minda ya mabanja zikwi khumi ndi chimodzi. Mapepala amene alimi anadindapo zala anadyedwa ndi chiswe m'sitolo, ndiye mutu wonse wa ofesi ino ndi umenewu. Akalewa ayamba kutopa, akumalira ngati njinga yopanda girizi. N'chifukwa chake Loweruka ndimasamutsa zonse kupita m'atsopanowa. Mwezi wamawa kaundula akupita ku Lilongwe kuti anthu akalandire zikalata za malo."

"Munali muno masana onse?"

"Ntchito imeneyi ili ngati kuwotcha njerwa. Ukachoka pa uvuni, wawononga zonse." Anatsegula dirowa n'kutulutsa pepala. "Makina samanama. Onani."

Papepalapo panali mizere iwiri. Kuyamba, 12:05. Kumaliza, 17:12.

"Faines anakuuzani za dzina la bambo ake?"

"Anandiuza, inde. Kalakwika kakang'ono, zimachitika poyesera. Ndinamudikira kuti tione, koma sanabwere. Ndinkayesa wasintha maganizo."

Sajeni analoza kabati yakale. Kanyali kapamwamba kankaphethira kofiira, pamene tinzake tinayi tinali tobiriwira.

"Nanga aka kakutani?"

"Kuyeretsa. Tikasamutsa, zakale timafufuta, kuopa kuti zinsinsi za anthu zingagwere m'manja olakwika. Ndi lamulo."

Sajeni anapinda pepala lija n'kuliika m'thumba. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu za upolisi zinamuphunzitsa kuwerenga nkhope za akuba ng'ombe ndi ozembetsa fodya, koma apa anadziona ngati mbuli yoima pakhomo pa sukulu. Munthuyu amamuonetsa pepala, pepalalo likunena zomwe mwini wake akunena, ndipo iye analibe funso lina. Anatsanzika.

Ali pageti, galimoto yoyera yodzaza fumbi inaima. Munatuluka mayi wamfupi wa magalasi, atanyamula chikwama cha zida. A Benjamini anamulembetsa dzina: Priscilla Nankhuni, wa ku kampani ya ku Lilongwe imene inagulitsa makina atsopano aja. Anabwera kudzaona ngati kusamutsa kunayenda bwino, kuti asayine.

Sajeni anadzitchula dzina, n'kumupatsa pepala lija. "Mayi, ine za makinazi sindizidziwa. Tandiwerengereni ichi."

Priscilla anachiyang'ana kamodzi. "Maola asanu? Ayi. Makina amenewa ndinawamanga ndine. Zonse zili muno zimasamuka pa maola awiri. Ndipo ichi si chikalata chonse, ndi mutu ndi mchira chabe. Thunthu lake lili kuti?"

"Akuti munthu sangachokepo ntchitoyo ili m'kati."

"Angachoke bwinobwino. Amangoiyambitsa, makina n'kumadziyendera okha."

Sajeni anakumbukira kanyali kofiira kaja. "Nanga akamafufuta akale aja, zimatenga nthawi yaitali bwanji?"

Mayiyo anavula magalasi. "Mwati akufufuta?"

"Kanyali kapamwamba kakuphethira kofiira."

"Wamuuza ndani? Palibe amafufuta ine ndisanasayine!" Anaponya chikwama m'manja mwa mlonda n'kuyamba kuthamanga, akulankhula chothamanga. "Mvetsani, bambo. M'madisiki asanu aja mulibe imodzi yosunga dzina lathunthu la munthu. Chilichonse chimagawidwa mwa onse. Imodzi ikafa, anayi otsalawo amatha kukumbukira zomwe inasunga. Koma akafa awiri, kwatha. Palibe angazibwezenso."

*

Anapeza Moffat ataima kutsogolo kwa kompyuta, manja m'matumba. Pagalasi pankaoneka nambala: 96.

"Imitsa," anatero Priscilla.

"Mwadzuka bwanji, a Nankhuni? Ikayamba siimitsidwa. Mukudziwa inunso."

"Usandiphunzitse ntchito. Choka apo."

Moffat sanasunthe. Nambala ija inasanduka 97. Priscilla anayesa kudutsa, iye n'kutchinga ndi phewa, mwaulemu ndithu, ngati munthu amene wangoterereka.

Sajeni sanadziwe batani loti adine, koma chingwe cha magetsi amachidziwa. Anachitsata ndi maso mpaka kukhoma, n'kuchizula.

Nyali za m'chipindamo sizinasinthe. Kabati ija inangoyamba kulira, pii, pii, pii, tinyali tili chiyakire. 98.

"Ili ndi mabatire!" anakuwa Priscilla. "Mugwireni ameneyo!"

Sajeni anamugwira Moffat pakolala n'kumukanikiza kukhoma. Priscilla anagwada, n'kulowetsa mkono kuseri kwa kabati yakale, tsaya litagunda chitsulo. Anazula chingwe chimodzi, kenako china. Kulira kwa madisiki kunatsika pang'onopang'ono ngati chigayo chikamazima, mpaka m'chipindamo munangoti zii.

Anakhala pansi pomwepo, akupuma mwabefu, chala chikutuluka magazi.

"Yoyamba yapita," anatero. "Yachiwiri sindikudziwa ngati inayambidwa. Ndidziwa ndikayatsa."

"Mwawononga katundu wa polojekiti," anatero Moffat, tayi itapotoka. "Mudzayankha."

"Tidzayankha tonse," anatero Sajeni. "Inu mukadikire mu ofesi ya kalaliki. A Benjamini, munthu uyu asatuluke. Pageti kapena pawaya."

"Mwamveka, bwana!"

*

Priscilla anagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka, osadya. Sajeni anakhala pampando pakona, akungoona tinyali. Nthawi ina mayiyo anatseka maso n'kudina batani limodzi. Tinyali tinayi tinayaka tobiriwira. Anapumira m'mwamba.

"Yachiwiri ili moyo. Inatsala mphindi imodzi kapena ziwiri."

Makina osindikizira anayamba kukhetsa mapepala. Priscilla anang'amba loyamba n'kuliyala patebulo.

"Ili ndiye thunthu lija. Makina amalemba chilichonse chimene achita, ndi nthawi yake. Onani apa. 12:05, ayamba. Akuyenda bwino, akuyenda bwino. 13:40, apeza malo owonongeka pa disiki yachitatu. Zikatero amaima n'kufunsa munthu kuti, ndipitirize? Amangofuna wina adine batani limodzi. Funso limenelo limakhala pagalasi, ndipo amalira mpaka munthu ayankhe."

"Anayankhidwa nthawi yanji?"

Chala cha Priscilla chinatsika mzere umodzi. "16:45."

Sajeni anawerenga pa zala. Maola atatu ndi mphindi zisanu.

"Pali china," anatero mayiyo, mawu atasintha. "Ndayerekeza zakale ndi zatsopano, munda ndi munda. Zonse zikufanana kupatula malo amodzi. Wina anaika kalamulo panjira yosamutsira, koti munda uliwonse wa ku dambo la Kanyerere ukamadutsa, dzina la mwini wake lisinthe. M'zakale muli mabanja makumi anayi ndi asanu ndi awiri. M'zatsopano dambo lonselo ndi la munthu mmodzi."

Anamupatsa pepala lachiwiri. Dzina linali lakuti Yoswa Kambalame.

Sajeni ankamudziwa. Panalibe wa ku Madisi wosamudziwa Kambalame, mwini malole atatu ndi esiteti ya fodya. Ankadziwanso, monga aliyense amene anadya nawo ukwati waukulu wa chaka chapitacho, kuti mwana wamkazi wa Kambalame anakwatiwa ndi mnyamata wophunzira wa makompyuta, Moffat Gwaza.

*

Moffat anawerenga mapepala onse awiri mpaka pansi, kenako anayambiranso pamwamba.

"Ndinapita kuchimbudzi," anatero.

"Maola atatu?"

"M'mimba munandivuta."

"Chimbudzi chili moyang'anana ndi geti. A Benjamini akanakuonani. Ndiponso Lachisanu munauza Faines kuti asauze munthu. Anauza mkulu wake."

Moffat anaika mapepalawo patebulo. Panja mphepo inkagwedeza malata a shedi. Atayambanso kulankhula, mawu a pawailesi aja anali atatha. Ankalankhula ngati mwana wa kumudzi.

"Ine ndimakhala m'nyumba ya a Kambalame, a Sajeni. Galimoto imene ndimayendera ndi yawo. Mkazi wanga ndi woyembekezera. Apongozi akakuuza kuti kanthu kakang'ono aka undikonzere, umayankha chiyani? Anati dambolo anthu sakuligwiritsa bwino ntchito. Anati zikalata zikatuluka, adzawalemba ntchito onsewo pa esiteti."

"Nanga Faines?" anafunsa Sajeni.

"Ndinapita kukamuchingamira kuti asafike pageti, dzina lake lingalowe m'buku. Ndinkafuna tingokambirana. Ndinamuuza kuti la bambo ake ndilibwezera, munda wawo wokha ndiusiya. Ndinamulonjeza." Anapukuta pakamwa. "Anandifunsa kuti, nanga enawo? Ndinati enawo si abale ako. Anandiyang'ana ngati ndine galu wofera panjira. Anati Lolemba akauza a Nankhuni. Anatembenuka kumapita."

"Ndiye?"

"Ndinamuitana kawiri. Sanacheuke."

"Pitirizani," anatero Sajeni.

"Malaya anadontha magazi. Ndinakawachapa kumtsinje, ndiye ndinayenera kudikira kuti aume. Kunalibe dzuwa lenileni." Anaseka kaseko kopanda moyo. "Ndinkaganiza kuti makina amaliza kale."

"Apongozi anu akudziwa zimene munachita m'mabulugamu?"

"Ndinawauza Lamulungu, titatuluka m'tchalitchi."

"Anati chiyani?"

"Anati ndifufute zakale msanga. Za maliro aona okha."

Sajeni sanamvetse mawu omalizawo mpaka tsiku lotsatira.

*

Lachiwiri anafika kwa Chimbaka nthawi ya m'mawa, ali ndi apolisi awiri ndi mapepala m'thumba la jekete. Anthu anali atadzaza bwalo lonse mpaka m'minda. Amayi a chigwirizano, atavala zoyera, ankaimba motsitsa. Mwambo wa panyumba unali utatha, ndipo chifukwa manda a mudziwo ali kutsidya kwa dambo, bokosi linali litakwezedwa kale pa lole.

Linali bokosi lokongola, lopaka vanishi, la zogwirira zonyezimira, losiyana ndi chilichonse cha pamudzipo. Pachitseko cha loleyo panalembedwa ndi penti yofiira: Y. KAMBALAME, MADISI.

Mwini wake anakhala pampando wa ndalema pakati pa akuluakulu a mpingo, atavala suti yakuda, chipewa chili pabondo. Mkulu wina wa mpingo anali atangomaliza kumuthokoza pamaso pa anthu chifukwa cha bokosi, lole, ndi matumba awiri a chimanga.

Sajeni anapita kaye kwa Tabita, amene anali pafupi ndi lole atagwirizira mayi ake okalamba. Anamukokera pambali n'kumuuza zonse, mwachidule, osakometsera. Anamuonetsa mapepala awiri, la eni minda a m'makina akale ndi la m'makina atsopano. Tabita anawerenga mndandanda wa mayina makumi anayi ndi asanu ndi awiri, milomo ikugwedezeka. Ambiri mwa eni mayinawo anali pomwepo pabwalo. Kenako anawerenga pepala la dzina limodzi lija, n'kutembenuka kuyang'ana chitseko cha lole.

"Mundipatse mphindi zochepa, mayi," anatero Sajeni. "Ndimutenga mwakachetechete mukanyamuka. Tisasokoneze maliro."

Tabita anapita kumbuyo kwa lole n'kumenya chitsulo ndi chikhatho katatu. Nyimbo inaduka.

"Tsitsani," anauza adzukulu amene anali pamwamba.

"Mayi, nthawi yatha, kumanda akutidikira..."

"Ndati tsitsani mng'ono wanga. Sakwera galimoto iyi. Ndipo m'bokosi ili sagonamo."

Phokoso linayamba kumbuyo n'kufalikira. Mkulu wa mpingo uja anaimirira, manja m'mwamba. Kambalame anavala chipewa chake pang'onopang'ono, maso akuyang'ana kumene kunali msewu, koma wapolisi mmodzi anali ataima kale kumbuyo kwa mpando wake. Sajeni anafika n'kuwerama, n'kulankhula motsitsa kuti amve yekha.

"Bambo Kambalame, mkamwini wanu ali m'manja mwathu. Tiyeni."

"Mukudziwa amene mukulankhula naye?"

"Ndikudziwa. Dzina lanu ndaliwerenga kokwana makumi anayi ndi kasanu ndi kawiri."

Anamudutsitsa pakati pa anthu, ndipo anthuwo anapatuka osanena kanthu, chifukwa ambiri anali asanamve chimene chachitika. Amene anali pafupi ndi Tabita ndiwo anali atayamba kulandirana pepala lija, wodziwa kuwerenga akuwerengera anzake.

Atafika pa galimoto ya polisi, Sajeni anacheuka. Bokosi la vanishi linali pansi, lotsegula, lopanda kanthu. Azimayi anali atazinga mtembo ndi zitenje zawo kuti akulunge bwino. Amuna awiri ankazula chitseko cha nyumba ya malemu Eliya Chunga, wina akubwera ndi mphasa yatsopano. Anamugoneka Faines pachitsekocho, amuna asanu ndi mmodzi n'kuchikweza pamapewa.

Anatsika naye wapansi, kudutsa pakati pa madimba a dambo la Kanyerere, madzi akuwafika m'mawondo. Lole ija inatsala pabwalo, dalaivala wake atakhala pa sitepe, osadziwa woti amufunse.